Mwana Amene Mng'ono Wanga Anandiberekera

1

Mukalowa mu saluni yanga ku Bridlington, choyamba kuchiona ndi chithunzi chili pamwamba pa galasi lalikulu. Pakati pali ine, ndanyamula khanda lovala kachipewa kachikasu. Kumanja kuli mwamuna wanga Malcolm, wavala tayi yobwereka. Kumanzere kuli mng'ono wanga Kirsty. Kumbuyo kwathu kwaima woweruza wa khoti la za mabanja, akumwetulira ngati mwanayo ndi mdzukulu wake. Makasitomala akachiona amati, "Abale Denise, banja lanu koma lachikondi!" Ine ndimangoti eya, n'kuwaweramitsira mutu m'beseni kuti asandione nkhope.

Ntchito yanga ndi ya tsitsi. Zinsinsi za amayi a m'tauni muno ndazimva mpaka makutu kuwawa, chifukwa munthu akakhala pampando wa saluni pakamwa pamamasuka pokha. Changa chokha ndiye sindinauzepo munthu. Lero ndikuuzani inu, poti simundidziwa.

Ndinakwatiwa mochedwa, zaka makumi anayi zikugogoda pakhomo. Malcolm amakonza makalavani, tinyumba tokokedwa ndi galimoto, a anthu obwera kudzapuma kunyanja. Ndi munthu wofatsa, woti ukamupatsa tiyi wopanda shuga amangomwa osadandaula. Tinafuna mwana nthawi yomweyo, koma m'malo mwa mimba ndinayamba kutaya magazi osalekeza. Atandiyeza anapeza khansa.

"Chiberekero chichoke, mayi," anatero dokotala. "Tikachisiya, chikutengani."

Asanandichite opaleshoni anandichotsa mazira, n'kuwaphatikiza ndi mbewu ya Malcolm. Panapangika timiluza titatu, tiana toyamba kumene, ndipo anatisunga mozizira kuchipatala. Nditadzuka pa opaleshoni aliyense ankati ndithokoze kuti ndili moyo. Ndinathokoza, inde, koma mkwiyo unali tho. Kasitomala wina mpaka anandiuza kuti, "Ana ndi mavuto okhaokha, Denise, ingogula galu." Tsiku limenelo ndinamumeta mofupikitsa dala.

2

Ine ndi Kirsty mayi ndi mmodzi, abambo ndi osiyana. Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo amayi anakwatiwa ndi Terry, chidakwa chomwe sindinachikondepo. Terry anali ndi chizindikiro chobadwa nacho: kachigamba ka tsitsi loyera mbee pamwamba penipeni pa chipumi. Pamene ankatithawa, chuma chokha chomwe anasiyira mwana wake Kirsty chinali kachigamba kameneko.

Kusukulu anzake ankamuseka kuti kanyimbi. Tsiku lina anabwera akulira, ine n'kumukhazika pampando, n'kumupaka dayi. Kuyambira pamenepo mwezi uliwonse ankabwera kuti ndimubise kachigambako. Ambiri m'tauni muno anaiwala n'komwe kuti ali nako.

Patatha zaka zisanu chichitikireni opaleshoni, madokotala anati khansa yatheratu. Ndinali ndi zaka 46. Kirsty, yemwe ndimamuposa ndi zaka khumi, anali ndi anyamata awiri, mwamuna atamuthawa. Loweruka lina ali pampando wanga anandiyang'ana kudzera m'galasi.

"Den, tiana tako tija tikadali mufiriji ya kuchipatala?"

"Khala bwino iwe, ndikupaka dayi m'khutu."

"Ndikufunsa zenizeni. Chiberekero changa changokhala, palibe lendi. Anyamata anga anabadwa mosavuta, azamba asanamalize n'kuvala magolovesi. Bwanji ndikunyamulire?"

"Usaseweretse mtima wanga, Kirsty."

"Ndani akusewera? Dzira ndi lako, mbewu ndi ya Mal. Ine ndingokhala uvuni. Mkate ukapsa udzatenga wekha."

Ndinakhala pansi, dayi ali m'manja, n'kulira ngati mwana. Iye ankaseka, mutu uli bii.

"Tadzuka apo, tsitsi langa lipsa! Ukandiwononga mutu ndisintha maganizo."

Malcolm atamva anapita kukatsuka mbale zotsuka kale. Amayi athu, a Doreen, anayamba tsiku lomwelo kuluka zovala za mwana.

3

Kamluza koyamba sikanagwire. Kachiwiri kanagwira, ndipo tinamva kamtima kake kakugunda pa makina. Ndinagula kabedi, ndinapenta chipinda, ndinauza tauni yonse. Mwezi wachiwiri usanathe, mimba inachoka.

Apa ndiye ndinasweka. Saluni ndinatseka, kudya ndinasiya. M'mawa wina Malcolm anandipeza nditaima pakhoma la padoko, mvula ikundivumba, ndili ndi zovala zogonera.

"Den, tatsika apo. Tiye kunyumba."

"Kwatsala kamodzi, Mal," ndinatero. "Kamenekonso kakalephera, usadzavutike kundifunafuna. Udzangobwera pano."

Anandinyamula ngati thumba mpaka m'galimoto. Mawu amenewo ndinawalankhula ndi pakamwa pangapa, ndipo Kirsty anawamva tsiku lomwelo. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukupeza.

Mu Juni anamuika Kirsty kamluza kotsiriza. Tikutuluka m'chipatala ndinawaimitsa onse awiri pakhomo.

"Tamverani. Ulendo uno musandiuze kanthu. Sindikufuna kumva za kuyeza magazi, sindikufuna kuona makina. Mudzandiuze pakatha miyezi itatu. Ndikamamva tsiku ndi tsiku ndipenga."

"Ukutsimikiza, Den?" anafunsa Kirsty.

"Mal azikuperekeza. Ine ndisamve."

Anandimvera. Nyengo ya alendo inali itafika, saluni inkadzaza ndi akwati ndi aperekezi awo, ndipo ine ndinadzikwirira m'ntchito. Malcolm ankachoka kuti akamuperekeze Kirsty kuchipatala, tsiku lina kuti akamukonzere mpope, tsiku lina kuti akawasiye anyamata ku mpira. Ine ndinkamuthokoza. Ndinkamuphikira nsomba yomwe amaikonda, n'kumati mwamuna ngati uyu ndinamutola kuti.

Miyezi itatu inadutsa, zii. Ndinkaopa kufunsa. Wachinayi uli mkati, analowa mu saluni onse awiri. Kirsty anatulutsa kachithunzi kakuda kakuchipatala n'kukaika pakati pa masizasi anga.

"Nayu mwana wako, mayi iwe," anatero. "Ndi wamkazi, akuganiza choncho."

Ndinakuwa mpaka agogo ena omwe anali pansi pa chowumitsira tsitsi anadzidzimuka. Nditatha kulira ndinafunsa tsiku.

"Epulo," anayankha Malcolm mofulumira.

Ndinawerenga pa zala. "Si Malichi?"

"Akuti kamwanako n'kakang'ono, ndiye asuntha tsiku."

Ndinavomera. Munthu wanjala safunsa kuti mbale yatsukidwa ndi ndani.

4

Kuno lamulo limati wobereka ndiye mayi, kaya dzira ndi la yani. Mwana akabadwa pamayenera kudutsa masabata asanu ndi limodzi, wonyamula mimba uja n'kuvomera, kenako khoti n'kusamutsira umayi kwa iwe. Zimenezi ndinkazidziwa ndipo sizinkandidetsa nkhawa. Ndi mng'ono wanga yemwe ndinamupukuta mamina, ndikanaopa chiyani?

Komabe miyezi imeneyo inali ndi minga yake. Anthu ankasisita mimba ya Kirsty, ine nditaima pambali ngati wodikira basi. Kirsty anasiya kudaya tsitsi poopa mankhwala, ndipo kachigamba koyera kaja kanatulukiranso, kakuwala pachipumi. Chinanso ndinachiona koma sindinachilabadire. Kale Kirsty ankakonda kumunyogodola Malcolm, kumuseka dazi, kumutcha agogo. Tsopano tikamadya kwa amayi Lamlungu, awiriwo sankayang'anana. Ndinaganiza kuti ndi manyazi a munthu ndi mlamu wake pa nkhani ya mimba.

Matenda anamuyamba Kirsty masana ena mu Epulo. Tinathamangira kuchipatala tonse. Patapita nthawi mtima wa mwana unayamba kufooka, ndipo dokotala anati achite opaleshoni msanga.

"Alowe munthu mmodzi yekha," anatero namwino. "Ndani?"

Ine ndinali nditavula kale jekete. Kirsty, thukuta lili kamukamu, anatambasula dzanja kundidutsa.

"Mal alowe."

"Kirsty?"

"Iwe umakomoka ukaona magazi, Den. Chonde. Mal alowe."

Sindinakomokepo ndi magazi chibadwire. Koma munthu ali pakati pa moyo ndi imfa ungakangane naye? Ndinakhala panja ndi amayi, ndikudya zala.

Malcolm anatuluka maso ali psuu. Anatenga kachipewa kachikasu m'chikwama cha amayi, n'kubwereranso m'kati. Atatulukanso anali ndi kamtolo m'manja.

"Nayu Hattie," anatero.

Abale, kamunthu kaja! Timilomo, tizala, kachipewa kofika m'nsidze. Ndinakanunkhiza, n'kukauza kuti, "Ndine mayi ako. Ndakudikira mpaka ndakalamba." Zowawa zonse ndinaiwala.

5

Tinapita naye kunyumba. Kirsty anakachirira kwa amayi. Malcolm anasanduka namwino: kusintha matewera ndi iye, kumuveka ndi iye.

"Usamuvule chipewa, Den, azizidwa. Anabadwa wofooka."

Amayi nawo akabwera nyimbo inali yomweyo. "Mutu wa khanda sufuna mphepo, mwanawe." Tizipewa anali ataluka tambirimbiri, tonse tachikasu.

M'mawa wina Malcolm atapita kukagula mkaka, kunabwera mzamba woyendera makanda m'makomo, mayi wansangala dzina lake Philippa. Atangolowa anavula juzi.

"Kutentha m'nyumba muno! Ndiye mwana mwamuveka chipewa? Ayi mayi, m'nyumba khanda silivala chipewa, limatenthedwa."

Anachivula yekha. Tsitsi la Hattie linali lakuda, lofewa. Pamwamba penipeni pa chipumi panali kachigamba koyera mbee.

Kachigamba kameneko ndakapaka dayi kwa zaka zoposa makumi awiri, ndingakazindikire ngakhale mumdima.

"Ha, kukongola!" anatero Philippa. "Kameneka kamayenda m'magazi. Watengera ndani?"

"Mng'ono wanga," ndinayankha, mawu akutuluka ngati a munthu wina. "Amene ananyamula mimba. Kodi mwana angatengere zotere chifukwa chokhala m'mimba mwa munthu?"

"Ayi, mayi. Chiberekero chimangodyetsa mwana, sichimupatsa tsitsi. Koma poti ndinu pachibale, mwina zili kumtundu kwanu."

Sizili kumtundu kwathu. Ndi za Terry, ndipo mwa ine mulibe ngakhale dontho la magazi a Terry.

Malcolm atabwera anandipeza ndili patebulo, mwana ali pamiyendo, kachipewa kali pambali pa shuga. Anaima pakhomo, chitini cha mkaka chili m'manja.

"Khala pansi," ndinatero. "Uyu ndi mwana wa ndani?"

"Ndi wathu, Den."

"Usandipusitse, Malcolm! Dzira ndi la ndani?"

Anakhala. Anayang'ana kachipewa kaja nthawi yaitali.

"Kamluza kotsiriza sikanagwire," anatero. "Kirsty anandiimbira akulira. Tinakhala m'galimoto osadziwa chochita. Iye anati, tikamuuza Den tikamutola padoko. Ndipo sankanama, iwe ukudziwa zimene unanena."

"Ndiye?"

"Ndiye mwezi wotsatira tinayesa tokha. Dzira lake, mbewu yanga. Tinati ndinu pachibale, mwana adzafanana nawe ndithu. Za kachigambako sitinaziganize. Ndinakaona m'chipinda cha opaleshoni, mutu unangoima."

"Ndiye munati mumuveka chipewa mpaka liti? Mpaka tsiku la ukwati wake?"

"Tinkafuna uyambe wamukonda."

Ndinaseka, kuseka koipa. Kenako funso lina linakwera kukhosi lokha.

"Munayesa nokha. Motani?"

"Den..."

"Ndati motani?"

Anachedwa kuyankha. Sanachedwe kwambiri, koma anachedwa. Maso ake anali pa chitini cha mkaka.

"Ndi sirinji," anatero. "Ambiri amachita choncho kunyumba."

"Tuluka."

Anakagona mu kalavani ina yakutha yomwe ankakonza. Madzulo ake ndinawaimbira amayi.

"Inunso mumadziwa?"

"Kachigambako ndinakaona kuchipatala," anayankha. "Koma za Epulo zija ndinkakayikira kale. Denise, mwana ndi mwana. Mng'ono wako wang'ambidwa mimba chifukwa cha iwe. Chibale ndi fupa, sichiola."

"Chimaola, amayi. Ndikuchimva fungo pompano."

6

Mawa lake ndinamuika Hattie m'kangolo kake mpaka ku ofesi ya Mayi Thwaite, loya yemwe ndimamukonza tsitsi. Ndinafotokoza zonse osapuma.

"Ndikufuna ukwati uthe, mwana ndikhale naye ndekha. Awiriwo ndisadzawaonenso."

Mayi Thwaite anavula magalasi. "Denise, ndikuuzeni mosabisa. Mwanayu simunamubereke, ndipo dzira si lanu. Pamaso pa lamulo lero, mayi wake ndi Kirsty, bambo wake ndi Malcolm. Inu ndinu mayi aakulu basi."

"Ndikumudzukira ndine! Mkaka ndikumupatsa ndine!"

"Ndikudziwa. Koma munthu akapempha yekha kukhoti, pamafunika kuti magazi a mwanayo akhale ake. Inu khomo lanu ndi limodzi: kupempha pamodzi ndi Malcolm, monga mkazi wake. Mukamusiya lero, khomolo mwadzitsekera nokha."

Mayi Thwaite anapitiriza.

"Chachiwiri, Kirsty avomere ndi mtima wake wonse. Akakana, palibe angamukakamize. Chachitatu ndiye ichi." Anatsitsa mawu. "Lamuloli limagwira ntchito ngati mimba inabwera mwa njira ya chipatala kapena ya sirinji. Ngati awiriwo anagonana, khoti silingakupatseni umayi mwa njira imeneyi. Pangatsale kupempha kulera mwanayo ngati wamasiye, njira yaitali, yodaliranso chifundo cha awiri omwewo."

"Ndiye ndikafufuza n'kupeza kuti anandinamiza?"

"Ine sindingakuuzeni kuti mukaname kukhoti. Chimene mukuchidziwa muyenera kuchinena. Ndiye ndikufunseni: mukudziwa chiyani?"

Ndinayang'ana Hattie. Anali mtulo, kadzanja katagwira chala changa.

"Anandiuza kuti ndi sirinji."

"Ndiye chimene mukudziwa n'chimenecho," anatero Mayi Thwaite, n'kuvalanso magalasi.

Kuchoka apo ndinalunjika ku makalavani. Ndinamupeza Malcolm atakhala pa sitepe, ndevu zili nyankhalala.

"Longedza, tizipita kunyumba," ndinatero. "Ukametenso. Kubwera mayi wa kukhoti kudzaona ngati tili banja labwino."

"Wandikhululukira, Den?"

"Ndani wanena za kukhululuka? Ndati ukamete ndevu."

7

Kirsty sindinamuone mpaka masabata asanu ndi limodzi aja atatsala pang'ono kukwana. Anabwera yekha ku saluni Lolemba, tsiku lomwe sinditsegula, ine ndikupukuta magalasi, Hattie ali m'kangolo pakona. Anali atawonda, akuyenda mogwira pamimba. Kachigamba kake kanali katakula mpaka kugwera m'maso.

"Ndabwera kuti undidaye," anatero.

Ndinamulozera mpando. Ndinasakaniza dayi. Tinkaonana m'galasi mokha.

"Ukudana nane," anatero.

"Weramitsa mutu."

"Ndinkaopa kuti ufa, Den. Ukanakhala iwe ukanatani?"

"Ndikanakuuza zoona, n'kukugwira dzanja kuti usadumphe. Ndi zimene abale amachita."

Hattie analira pakona paja. Nthawi yomweyo bulauzi ya Kirsty inanyowa pachifuwa, mkaka ukutuluka wokha. Anaphimba ndi manja, misozi ili chuchuchu. Ndikanamumvera chisoni, ndipo mwina ndinamumvera pang'ono, koma mantha anali aakulu kuposa chisoni.

"Ukudziwa kuti ndi mwana wanga?" anatero. "Wanga weniweni. Ndikhoza kukana kusaina."

Ndinapitiriza kumupaka. "Ndikudziwa."

"Usiku ndimamumva akulira ngakhale ali kutali. Anyamata akundifunsa kuti mlongo wawo ali kuti."

"Ndiye ukana?"

Anayang'ana kangolo pakona paja.

"Ayi," anatero. "Ndinalonjeza. Koma sindingasaine ndili ndi mwala pamtima. Pali china chimene sunamve, Den. Mwezi uja, sirinji ija titayesa koyamba..."

"Tseka pakamwa."

"Ndiyenera ndikuuze. Tsiku lina Mal atabwera..."

"Ndati tseka pakamwa, Kirsty!" Ndinamugwira mapewa, dayi n'kudontha pansi. "Chilichonse chimene ungandiuze, ndiyenera kukachinena kukhoti. Ukumva? Ukatsegula pakamwa apa, mwana uja sakhala wanga. Unanyamula mimba miyezi isanu ndi inayi osandiuza zoona. Nyamulanso ichi."

"Mwina si zimene ukuganiza."

"Mwina. Sindikufuna kudziwa."

"Ndiye ndikhale nacho mpaka liti?"

"Mpaka manda. Weramitsa mutu, dayi akuuma."

Anaweramitsa. Ndinamupaka bwinobwino, tsitsi lililonse, mpaka kachigamba konse kanabisika.

8

Mayi wa kukhoti anabwera kwathu, ndinamupatsa tiyi ndi keke. Tinamuuza kuti kamluza kotsiriza kanalephera, dzira ndi la Kirsty. Anafunsa kuti mimba inabwera bwanji.

"Ndi sirinji, kunyumba kwa Kirsty," anayankha Malcolm.

Mayiyo anatembenukira kwa ine. "Inunso mukudziwa choncho, Mayi Holroyd?"

"Ndi zimene ndikudziwa," ndinatero. Dzanja langa linali pa bondo la Malcolm, ndipo ndinamwetulira mpaka masaya kuwawa.

Kirsty anasaina. Tsiku la kukhoti woweruza anawerenga chigamulo, n'kunena kuti kuyambira lero Hattie ndi mwana wa Denise ndi Malcolm Holroyd. Kenako anatsika pampando wake kuti tijambulitse, monga amachitira pa milandu yosangalatsa ngati imeneyi. Kunja kunkazizira, ndiye amayi anamuveka mwana kachipewa kachikasu. Chithunzi chake ndi chija chili pamwamba pa galasi.

Pano Hattie ali ndi zaka zinayi. Chipewa ndinasiya kumuveka tsiku lomwelo. Kachigamba kake kamawala poyera, ndipo amene angamutche kanyimbi adzaona chomwe chinameta nkhanga mpala. Anthu akamati watengera mayi ake aang'ono, ndimati eya, watengera. Akadzakula ndidzamuuza za dzira, chifukwa ndi zake, ayenera kuzidziwa. Za funso linalo ndilibe choti ndidzamuuze.

Malcolm akadali m'nyumba. Amagona chipinda chakumbuyo, amamwa tiyi wake wopanda shuga. Hattie amamukonda kwambiri, amamudikira pawindo madzulo alionse, ndiye ndingamuthamangitse bwanji? Timakambirana za mkaka, za sukulu, za denga lodontha. Sanandigwirepo dzanja chichokereni kukhoti, ndipo akudziwa kuti asayerekeze.

Owerenga anzanga, ndikudziwa zimene mukunena. Ena mukuti ndine chitsiru, ena mukuti ndithokoze chifukwa mwana ndinamupeza. Ena mukuti awiriwo anachita chifukwa chondikonda. Mwina n'zoona, koma chikondi chimene chimakuona ngati mwana wosayenera kuuzidwa zoona chimawawa kuposa chidani. Ndimamukonda Hattie kuposa moyo wanga, ndipo ndikadali wokwiya. Zonse ziwiri zimakhala mwa ine, palibe chimene chikuthamangitsa chinzake. Ngati m'bale wanu akufuna kukunyamulirani mimba, musatseke maso ngati ine. Pitani kulikonse, funsani chilichonse, nthawi yofunsa isanathe. Ine ndinapempha ndekha kuti asandiuze kanthu, ndipo pempho limenelo ndikulilipirabe.

Mudzati, pano khoti linatha, bwanji osafunsa? Ndayesapo. Koma akadzati anagonana, ndidzamuyang'ana bwanji bambo wa mwana wanga patebulo? Akadzati sanagonane, ndidzakhulupirira bwanji anthu amene anandiveka chipewa m'maso pafupifupi chaka chathunthu?

Kirsty amabwerabe mwezi uliwonse. Amamubweretsera Hattie maswiti, amakhala pampando, ine n'kumupaka dayi, tonse tikuyang'ana m'galasi pansi pa chithunzi chija. Nthawi zina ndimaona milomo yake ikuyamba kugwedezeka, akukoka mpweya kuti anene. Akangotero, ndimayatsa chowumitsira tsitsi.